Ola Limodzi Pamaso pa Anamwino

Lolemba, 24 Malichi

Ndachita zopusa, ndipo ndilembe pano kuti ndisadzakane. Lamulo ndimalidziwa ngati dzina langa: loya aliyense apeze mapointi khumi a maphunziro owonjezera pofika pa 31 Malichi, apo ayi chiphaso cha ntchito chili pamoto. Zaka zonsezi ndimakwera ndege kupita ku msonkhano ku Sydney, n'kukakhala kumbuyo phee. Chaka chino ndinati ndachenjera. Ndaonera mavidiyo a malamulo a zaumoyo maola khumi athunthu, kuno ku Broken Hill konkuno, uku ndikusita malaya. Ndinkayenda monyada kuti ndamaliza. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lero podzaza fomu ndaona kamzere pansi penipeni: mavidiyo ojambulidwa kale sapitirira mapointi asanu. Asanu!

Mwamuna wanga Col waseka mpaka kukhosomola. "Iwe Leonie, si iwe umakalipira madokotala kuti aziwerenga timalemba tating'ono?" Mawa adzisitire yekha.

Lachiwiri, 25 Malichi

Maphunziro a pakompyuta omwe mphunzitsi amayankhula nthawi yomweyo amawerengedwa. Vuto lake, maloya onse adzidzimuka sabata yomweyi, malo adzaza. Ndapeza awiri okha, lero ndi Lachinayi.

Pa phunziro la lero mphunzitsi anati aliyense atchule dzina lake ndi kumene ali. Ndinalemba kuti maikolofoni yanga yafa. Sinafe. Chibwibwi changa ndi anthu makumi asanu osawadziwa, ayi ndithu. Mapointi afika asanu ndi limodzi.

Lachitatu, 26 Malichi

Ndinakumana ndi a Pascoe ku positi, loya wachikulire uja anandiphunzitsa ntchito. Nditawauza, anangogwedeza phewa.

"Ena amangochonga kabokosi ka pa fomu kuti akwanitsa, mwanawe. Ofufuza sagwira aliyense."

Ndinayima pamenepo ntchentche zikundizungulira, ndikuganizira ndithu. Ndisaname, zinandikomera. Koma imodzi mwa mavidiyo aja inali ya kukhulupirika pa ntchito, maola awiri, ndinasitira makatani onse.

Ataona nkhope yanga anaseka. "Ndimakuyesa. Ukachonga, ndikakunenera ndine. Bwanji osaphunzitsa? Maola awiri kukonzekera, ola limodzi kuyankhula, atatu amenewo."

Kuyankhula? Ine? Zaka khumi ndi zisanu ndili loya wa chipatala, zonse ndimachita ndi makalata. Ndinasankha kaofesi kopanda windo dala, kuti ndisadzayime m'khoti.

Lachinayi, 27 Malichi

Mapointi afika asanu ndi awiri. Madzi afika m'khosi.

Ndinalembera Glenys, mkulu wa anamwino, kufunsa ngati alipo atatu kapena anayi angafune kumva za chilolezo cha wodwala asanamuchite opaleshoni. Sanayankhe kalata. Anabwera okha, n'kudzaza chitseko chonse. Mayi ameneyu ndi amene anandilandira tsiku lobadwa, ndipo salola kuti ndiyiwale.

"Mwana wa Zammit, wayamba liti kutilembera makalata ngati tili kutali ku Adelaide? Atsikana anga nawonso akusowa maola awo a maphunziro Meyi asanathe. Lolemba 2 koloko, chipinda cha tiyi. Ubwere ndi masikono, osati ogula."

Lachisanu, 28 Malichi

Kukonzekera kwatha maola asanu ndi limodzi, owerengedwa awiri. Afika asanu ndi anayi, bola ndikayime pamaso pawo. Pa pepala ndine katswiri, abale.

Lamulungu, 30 Malichi

Ndayeserera pakhonde, omvera Col ndi galu. Galu anachoka pa tsamba lachiwiri. Col nthawi zonse ndikakakamira amandimalizira mawu, zaka makumi awiri tsopano, mwachikondi, ndipo theka la nthawi amaphonya. Lero ndinamulusira. Iye akuti, "Ndiye masikono ndiphike ine?" Waphika. Akoma kuposa anga, zandipweteka.

Ndikuopa kwambiri.

Lolemba, 31 Malichi

Anayi? Abwera anthu makumi atatu ndi mmodzi! Ena atakhala pa mawindo, awiri ochokera ku kiliniki ya ku Wilcannia, ndi dokotala wa mafupa amene ndinamulembera kalata yowawa chaka chatha. Masikono anatha ndisanatsegule pakamwa.

Tsamba loyamba linayenda, ndikuwerenga nditazyolika. Pa lachitatu ndinakakamira. Liwu limodzi, lomwe ndimalilemba kakhumi pa tsiku, linangoyima pakhosi. Nsagwada gwa! Ndinadikira kuti wina andimalizire, kapena akhosomole, kapena ayang'ane foni. Palibe. Anthu onsewo anangondiyang'ana bwinobwino, ena akutafuna.

Litatuluka liwulo ndinapepesa. Glenys anayika kapu pansi.

"Ukupepesa chiyani? Ife tsiku lonse timadikira agogo a sitiroko amalize kunena ngati akufuna kapena sakufuna. Si zimenezo wabwera kutiphunzitsa? Pitiriza, mwanawe."

Mwina ndinalira pang'ono, mwina ndi fumbi. Mapepala ndinawasiya patebulo. Mnamwino wina anafunsa za bambo amene amagwedeza mutu pa chilichonse mwana wake akalowa. Wina za mayi amene anasayina fomu atamwa kale mankhwala ogonetsa. Apo ndiye ndinatentha! Ndinakakamira mwina kakhumi, sindinawerenge. Ndinatsutsana ndi dokotala wa mafupa pamaso pa anthu, mpaka anakweza manja, chipinda chonse kuseka. Ola lija linakhala ola ndi theka.

Khumi. Kabokosi ndachonga 4 koloko, dzanja lopepuka.

Ndikutseka ofesi, Glenys anandipeza pakhomo.

"A ku Wilcannia aja akuti upite kwawo mu Epulo, za odwala okana mankhwala. Palibe mapointi omwe ukusowa tsopano, ndiye ukhoza kukana."

Ndinatsegula pakamwa, liwu linakakamira pomwepo. Glenys anatsamira khoma, manja m'thumba, osafulumira.

"Ndipita," ndinatero.