Nsapato Zosauma

Lolemba, 3 Malichi

Tsiku la 71 mzime wanga osalawa mowa. Amachonga yekha pa kalendala ya kukhitchini. Mkazi wake anati akakwanitsa masiku 100 abwerera ndi mwana. Mdzukulu wanga sindinamuone miyezi isanu. Akuti mano akutsogolo anaguluka. Ine kungomva.

M'mawa uliwonse kuthamanga asanapite ku galaja. Anamuuza ndi mlangizi wa kuchipatala. Bambo wa zaka 42, kabudula ngati mwana wasukulu, liwiro popanda chomuthamangitsa. Mayi woyandikana nafe, pampopi: "Agogo, mwana wanu uja wabanso chiyani?" Ndinaseka nawo. Mumtima moto.

Lachinayi, 6 Malichi

Njira yake imadutsa pa bala pomwe ankamwera. Ndamuuza azidzera kwina. Akuti, "Amayi, ndikamadutsa wefuwefu, ngakhale fungo sindilimva." Kaya.

Akabwera ndimanamizira kumuchotsa kachitsotso paphewa, cholinga ndinunkhize mkamwa. Lero wandigwira. "Amayi, apolisi akusowa galu, ndikakulembetseni?" Mwano. Koma waseka, ndipo kuseka kwake ndinali nditakuiwala.

Nsapato zothamangirazo ndiye ayi. Matope, fungo ngati khoswe wofera kudenga. Salola munthu kuzikhudza.

Lamlungu, 9 Malichi

Ndazichapa iye atapita kometa. Mng'ono wanga akubwera kudzacheza, nyumba izinunkha chonchi? Ndaziviika m'beseni, sopo wambiri, bulashi. Zayera mbee. Masana mvula.

Lolemba, 10 Malichi

Zosauma. Kani m'katimo muli siponji. Ine ndikanadziwa bwanji? Nsapato za nthawi yathu dzuwa limodzi zauma.

Wazifinya, madzi chuchuchu. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Wangoti, "Amayi, ndinakupemphani." Wayesa za kuntchito zachitsulo kutsogolo zija, wafika pa chipata, wabwerera. Ine ndati tsiku limodzi silipha munthu. Pakamwa panga!

Lachiwiri, 11 Malichi

Mvula yomweyo. Ndaziika pafupi ndi mbaula kuti ziume msanga. Ndatembenuka pang'ono kulandira mng'ono wanga, imodzi yasungunuka kuchidendene. Yakhwinyata, phazi silingalowe.

Waiyang'ana nthawi yaitali. Watuluka osadya.

Lachitatu, 12 Malichi

Wamwa. Anzake a ku galaja amubweretsa masana, miyendo ikukwekwereka. Kalendala wang'amba.

Loweruka, 15 Malichi

Mpongozi wanga waimba foni. "Amayi, bambo a mwana ali bwanji?" Zaka khumi ndakhala ndikumubisira mwana wangayu. Mutu, m'mimba, watopa ndi ntchito. Lilime linafuna kuyambanso, linazolowera. Ndanena zoona, ndi za nsapato zomwe, kuti wolakwa ndine.

Iye: "Nsapato sizimwa mowa, amayi." Zandibaya, koma nditsutse chiyani? Wati ayambirenso kuwerenga. Masiku ndi 100 omwewo, sachotsera, sawonjezera. Chakumbuyo kwake ndimamva kamwana kakuimba. Sanakapatse foni.

Lachiwiri, 18 Malichi

Mzime wanga masiku atatu chigonere, nkhope kukhoma. Mkulu wake watumiza nsapato zina, zili m'bokosi momwemo. Dzulo mzimeyo anati, "Ndiyambirenso pa wani? Onse anandiona akundikoka. Ndisiyeni."

Ndikusiye ndani? Ndinakubereka ndine.

Lero kutangocha ndatenga nsapato zanga za nsalu ndi ndodo. Ndamenyetsa chitseko dala. "Amayi, mukupita kuti?" Ndati kothamanga, m'nyumba muno wina azithamanga basi.

Kuthamanga kwake kuti? Kukwawa. Ndafika pa golosale mtima uli gugugu, ana asukulu akuloza. Kumbuyo phaphapha. Iye, zingwe zosamanga n'komwe. "Mugwa, bwererani, mukundichititsa manyazi." Ndati manyazi wawadziwa lero?

Sindinabwerere. Iye amathamanga kufika pa mtengo wa magetsi, n'kubwerera kudzandiona, n'kupitanso, akung'ung'udza njira yonse. Pa bala wasiya kuthamanga, wandigwira mkono mpaka tapitirira. Zala zake zadinda, apa pakuonekabe.

Tsiku loyamba walemba kuseri kwa katoni ya nsapato.

Bondo latupa ngati dzungu. Akuti mawa ndimudzutse faifi koloko, yekha sadutsa paja. Atsala masiku 99. Pa msinkhu wanga uno, ndi bondo ili, ine mpaka pa bala m'mawa uliwonse.