Foda ya miyezo yandiyalutsa kwa alamu anga

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ntchito yanga ndi yautelala. Ndili ndi kachipinda kuseri kwa depoti, pakati pa bambo wowotcherera zitsulo ndi mayi wogulitsa mankhwala a tsitsi. Muli makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu, ndi katani yomwe makasitomala amabisalako poyesa zovala. Kalatayi ndakhala ndikuiyamba n'kuisiya, chifukwa nkhani yake ndi yochititsa manyazi, ndipo palibe wina woti ndimuloze chala. Ndazichita ndekha ndi manja anga awa.

Mutu wanga sugwira mayina. Nkhope ndi thupi la munthu sindiiwala. Ndikamuyeza kamodzi, ngakhale papite zaka, ndimakumbukira kuti phewa lake lakumanja ndi lotsika. Koma dzina, akangondiuza, pomwe akufika pakhomo lathawa kale. Kale ndinkalemba miyezo pa timapepala ndi pa makatoni a ulusi, n'kumataya. Nditagula foni yamakono ndinati basi, ndatukuka. Kasitomala aliyense ndinamutsegulira fayilo yake, momwe muli miyezo, chithunzi cha nsalu ndi sitayilo yomwe wasankha. Ndipo kuti ndizimupeza msanga, fayiloyo ndinkaipatsa dzina la chimene ndimamukumbukira nacho. Muli "Wailesi", mayi amene salola kuti nawe uyankhuleko. Muli "Chepetsaniko", amene amafuna diresi imugwire mpaka azilephera kupuma. Muli "Khosi la Nyamalikiti", muli "Fungo la Anyezi". Ndisakunamizeni Aphungu, njirayi inkagwira ntchito kwabasi. Munthu asanakhale n'komwe pansi, ine ndatsegula kale miyezo yake. Ena ankandiyamikira kuti ndine telala wadongosolo, ine n'kumadzimva.

Tsono mlongo wamng'ono wa amuna anga akukwatiwa mwezi wamawa. Amayi onse a kubanja adzavala nsalu yofanana, ndipo wosoka ndine. Ndinawayeza onse, mafayilo awo n'kuwasonkhanitsa mu foda imodzi. Tsiku lina mkwatibwiyo analemba pa gulu lathu la pa foni, momwe muli azakhali, azilamu ndi anzake a kuntchito, kuti: "Alamu, tatumizani miyezo ija tione kuti tigule nsalu yochuluka bwanji." Nthawi imeneyo ndinali ndi mapini kukamwa, kasitomala ali kuseri kwa katani akundiitana kuti zipi yakana. Ndinangodina foda yonse n'kutumiza, foni n'kuiponya mu dirowa.

Pomwe ndinkaitenganso masana, mauthenga anali atadzaza. Mayina aja onse anali pambalambanda, aliyense akuwawerenga. Poyamba anthu anazitenga ngati masewera. Wina analemba kuti, "Wailesi ndiye tisavutike kufunsa, tikumudziwa." Mwiniwake anayankha ndi uthenga wa mawu wautali zedi wokana kuti si iye, anthu n'kusekanso kwambiri. Ine sindinaseke nawo, chifukwa ndinkadziwa dzina lomwe linali pansi penipeni.

Amuna anga ali ndi mlongo wawo wamkulu, mphunzitsi. Ndi amene anawalera makolo awo atamwalira, ndi amene anandilandira ine m'banjamo ngati mng'ono wawo weniweni. Makina anga oyamba anali awo, ndipo makasitomala anga oyamba anali aphunzitsi anzawo omwe ankachita kuwagwira dzanja kubwera nawo kwa ine. Alamu angawa alibe mwana. Ali ndi zotupa m'chiberekero zomwe zinawakulitsa mimba, moti anthu osawadziwa amawasiyira mpando m'basi n'kuwafunsa kuti achira liti. Nthawi yomwe ndinkawatsegulira fayilo, za matendawo anali asanaulule. Ndinkangoona kuti chaka ndi chaka tepi ikuonjezera pamimba, ndiye mwachibwana ndinalemba kuti "Miyezi Naini Mpaka Kalekale". Pambuyo pake anadzandiuza okha za matendawo, tili awiri mu shopu, akulira. Ndinalira nawo. Koma dzinalo sindinalisinthe. Ndinali nditalizolowera moti ndinkalidina osaliwerenga.

Kuseka kunatha pamene wina anafunsa kuti, "Nanga wa miyezi nainiyu ndi ndani? Alipo akutibisira nkhani yabwino?" Kenako alamu analemba okha kuti: "Ameneyo ndine. Miyezo yake ndi yolondola, gulani nsalu." Sanalembenso china. Ndinathamangira kufufuta foda ija, koma aliyense anali ataona kale.

Amuna anga sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga ine unandilemba kuti chiyani?" Kuchokera apo timayankhulana za ana basi. Nsalu inagulidwa, ndinasoka, koma alamu aakuluwo sanabwere kudzayesa diresi yawo. Ili lende pa hang'ala, yopanda zipi, ndipo ndimaitembenuzira kukhoma kuti ndisamaione. Dzana ndinawaona akuchokera kusukulu, akudutsa tsidya lina la msewu. Ine, mayi wamkulu ndithu, ndinabisala pansi pa tebulo ngati ndikutola singano mpaka atapitirira.

Mkwatibwi akuda nkhawa kuti ukwati wake usokonekera. Wandiuza kuti, "Alamu, ingonenani kuti fayiloyo inali ya kasitomala wina woyembekezera, miyezo inangosakanikirana. Achemwali si munthu wosunga zinthu kukhosi." Ndikuvomera kuti bodza limeneli likundikoka.

Pali vuto linanso. Chifukwa cha mantha, tsiku lomwelo ndinasintha mayina a mafayilo onse kuti akhale mayina enieni. Ena ndinachita kulota. Pano ndili ndi amayi atatu a dzina limodzi, sindikudziwa chiuno ichi ndi cha ndani. Ndadula kale siketi ya wina ndi miyezo ya mnzake, nsalu ya eniake yaonongeka. Ndikatsegula foni ndimangoona mayina opanda nkhope.

Aphungu, ndithandizeni ziwiri. Mafayilowa ndiwasunge bwanji kuti ndiziwapeza anthu anga popanda kuwanyoza? Nanga alamu anga ndikawayang'ane ndi nkhope iti? Ntchito nditha kuiyambanso, koma iwowa sindikufuna kuwataya.

E. N. K., telala wa kuseri kwa depoti

Atelala,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Koyamba ndinaseka pa Wailesi, ndivomere. Kachiwiri sindinaseke.

Tiyambe ndi chowawa. Mukuti mayina amenewa munkalemba chifukwa mutu wanu sugwira mayina. Kwa mayi wobwera kamodzi pachaka, ndikumva. Koma dzina la alamu anu munaliiwala liti? Munthu amene anakupatsani makina, simunkafunikira chokukumbutsani. Pamenepa simunali kuthandiza mutu wanu, munali kuseka, ndipo munkaganiza kuti mukusekera pobisika. Sindikunena izi kuti ndikuonjezereni manyazi, muli nawo okwanira. Ndikunena chifukwa mukapita kukapepesa mutanyamula nkhani ya kuiwala mayina, iwo akaiona msanga kuti ndi yobooka kuposa momwe ndaionera ine.

Bodza la mkwatibwi lisiyeni. Mwanayo akufuna mtendere pa tsiku lake, sitingamudzudzule. Koma alamu anu ananena pamaso pa onse kuti ameneyo ndi iwo. Anaima poyera, osadzibisa. Inu mukabwera ndi kasitomala wopeka, ndiye kuti mwawanyoza kachiwiri, ulendo uno mukuwatenga ngati chitsiru.

Tulukani pansi pa tebulo. Pitani kunyumba kwawo sabata ino, nokha, ndi miyendo yanu. Musalembe uthenga, foni yachita kale zokwanira. Musatenge diresi, musatenge mphatso, ndipo musatume amuna anu kuti akakulankhulireni. Mukawauze zomwe mwandiuza inezi, makamaka mbali yomwe ikukuwawani kwambiri ija, yoti atakuuzani za matenda awo simunasinthe dzinalo. Akakufunsani kuti munalilemba liti, musakachepetse zaka. Ndipo mukadzigwire. Mukakalira mokuwa, iwo ndi amene akayambe kukutonthozani inu, pamene wolakwiridwa ndi iwo. Mukanene, kenako mukakhale chete, mumve zomwe anganene. Akakukalipirani, landirani. Za kupepesa pagulu mukawafunse kaye, chifukwa mwina safuna kuti nkhaniyi idzukenso. Amayi ena aja muwapepese mmodzimmodzi, mwachidule, osati kuyembekeza kuti poti anaseka ndiye sizinawapweteke. Amene munamulemba za anyezi uja, ndikhulupirireni, wakhala akudzinunkhiza kuchokera tsiku limenelo. Amuna anu nawo funso lawo simunaliyankhe. Auzeni zoona, kaya munawalemba kapena ayi.

Tsopano za mafayilo. Njira yanu si yoipa yonse. Munthu mmodzi, fayilo imodzi, zonse za iye pamodzi, ndi nzeru yabwino, musaitaye. Chomwe chinalakwika ndi chikwangwani cha pakhomo.

Dzina la fayilo likhale dzina lenileni la munthu, kutsogolo kwake manambala omaliza a foni yake. Amayi atatu a dzina limodzi aja asiyana pomwepo. Musalote dzina. Mupatseni foniyo alembe yekha, palibe amene amakana kulemba dzina lake. Ndipo poti inu mumakumbukira ndi maso, gwiritsani ntchito maso omwewo: mupempheni chilolezo mumujambule atavala chomwe mwamusokera, chithunzicho chikhale choyamba mu fayilo. Mukatero simudzaonanso mayina opanda nkhope.

Mkati mwa fayilo, muyezo uliwonse ukhale ndi tsiku lake, watsopano pamwamba, wakale osaufufuta. Zokukumbutsani zilembedwe momwemo, koma zikhale za ntchito: phewa lakumanja lotsika, amakonda yogwira thupi, safuna yaifupi. Musanalembe kalikonse, dzifunseni ngati mungathe kukawerenga mokweza mwiniwake ali pomwepo. Ngati simungathe, musalembe, ngakhale foniyo ili ndi loko. Chomwe chalembedwa tsiku lina chimawerengedwa ndi munthu amene simunamuyembekezere.

Musafune kukonza zonse tsiku limodzi, ndi changu chomwechi chomwe chakuonongetsani siketi. Tsegulani foda imodzi, muitchule "Zokayikitsa", muponyemo mafayilo onse omwe simukutsimikiza. Osadula nsalu ndi muyezo wa m'menemo. Munthu akabwera, muyezeninso, mukonze fayilo yake, muitulutse. Pang'onopang'ono fodayo idzatha yokha. Mwini siketi muuzeni zoona ndipo mumubwezere nsalu yake.

China chomwe simunachione: ngakhale mayina akanakhala aulemu, foda ija siinayenera kupita pagulu. Mkwatibwi ankangofuna kudziwa kuchuluka kwa nsalu. Ziuno ndi zifuwa za anthu si za gulu, anakupatsani inu nokha. Choncho khalani ndi malo awiri osiyana, a ntchito yanu omwe satuluka, ndi kafoda ka zotumiza momwe muziikamo chokhacho chomwe mwapemphedwa. Musanadine, chotsani mapini kukamwa, khalani pansi, werengani. Pemphaninso munthu wodziwa akuthandizeni kusunga kope ya mafayilowo kwina, kuti foni ikadzagwera m'madzi shopu isadzagwere nayo limodzi.

Chenjezo langa ndi ili. Mafayilo mudzawakonza, ndi ntchito yopepuka. Za alamu musazipangire dongosolo. Musawaikire malire akuti pofika tsiku la ukwati akhale atakhululuka kuti zithunzi zioneke bwino. Atha kukukhululukirani ndi mtima wonse, kudya nanu, kuseka ndi ana anu, komabe nsalu yawo n'kupita nayo kwa telala wina. Si chinthu chapafupi kuti munthu wodwala avule, aime pamaso pa mnzake, akweze manja kuti amuzungulize tepi pamalo pomwe pamamuliritsa. Iwo anakuchitirani zimenezi zaka zonsezi chifukwa ankadziona otetezeka. Ngati sadzakwezanso manja pamaso panu, musadzawafunse chifukwa chake.

Phungu wanu