Alemae watsika kuphiri

Lolemba, 9 Juni
Anesi akuti basi, tibwerere nawo kunyumba Bambo Hudson. Mwamuna wangayu, wansembe wa gombe lonseli, wangotsala mafupa. Koma pakamwa ndiye ayi ndithu. Akufuna Alemae.

Lachiwiri, 10 Juni
Alemae, wansembe wa mizimu ya makolo kuphiri uko. Ubwenzi wawo ndi wakale kuposa ukwati wathu. Amakumana pamwala wa kumtsinje, kutafuna mtedza wa betelo, kunyozana za Mulungu mpaka dzuwa kupendeka. Kwathu Alemae sanalowepo. Kwa iye nyumba yogonamo mkazi ndi yodetsedwa. Akangolowamo unsembe wake wathera pomwepo, mizimu yamufulatira. Ndiye kuti chodetsacho ndine. Zakhala zikundiwawa zaka zonsezi, sindibisa.

Lachitatu, 11 Juni
Tinayesa kuwanyamula kupita kumwala kuja. Anakomoka tisanatsike n'komwe masitepe. Ndatumiza uthenga kuphiri. Akulu a mpingo akunong'ona: "Wachikunja pa imfa ya wansembe?" Ndawauza kuti sizikuwakhudza, akapale kokonati.

Lachinayi, 12 Juni
Sakudya. Maso ali pakhomo basi. Ndikuopa kuti apita osamuona.

Lachisanu, 13 Juni
Alemae wabwera m'mawa, matope mpaka m'mawondo. Anaima patali, pansi pa mtengo wa mango.

"Iwe Hudson, Mulungu wako uja watopa nawe?"

Abambo anayankha, koma mawu anathera pamphasa. Ndinatuluka kukafikitsa. "Akuti ndi mizimu yanu yakusowetsani tulo, n'chifukwa mwalawira." Sanaseke. Anafunsa ngati mnzakeyo angadzuke. Ndinapukusa mutu.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anavula kathumba ka zopatulika kamene sikachoka m'khosi mwake, n'kukapachika panthambi. Analankhula nako motsitsa, ngati munthu wotsanzika ana. Ndiye n'kuyamba kukwera masitepe athu.  Ine ndinagwidwa ndi mantha ngati a paguwa.

Ndinati ndikhale panja. Iye ali, "Lowani, mlamu. Zatha kale izo."

Anakhala pamphasa, n'kuika mutu wa mnzake pamwendo. Abambo akuti, "Chitsiru iwe, wachita chiyani?" Misozi mbwee.

"Khala chete, ukununkha mankhwala."

Kenako anatembenukira kwa ine, n'kutambasula dzanja. "Mlamu, ndipatseniko madzi. M'kapu yanu yomweyo."

Pomupatsa, theka la madziwo linanditayikira pamphasa.