Loko pa Bokosi la Mankhwala a Bambo

LOLEMBA

Injiniya 09:12
sisi musakwiye koma atsegulanso

Sisi 09:14
atsegulanso chani

Injiniya 09:14
bokosi la mankhwala. loko uja ndinadzitama naye ndamupeza pa tebulo, atamuika pa sosa ngati bisiketi ya mlendo

Sisi 09:15
iwe. si unati ameneyo ngakhale mbava ingalire?

Injiniya 09:17
mbava inde. za bambo sindinanene. munthu wadula makiyi pamsika moyo wake wonse, ine mwana wake nkukamuikira loko. mutu wangawu muziupempherera

Sisi 09:19
sindikuseka. ntchito ya bokosi lako ndi imodzi. ligwetse piritsi mmawa, masana, madzulo, ena onse akhale otsekeredwa. waiwala tsiku lija anamwa a BP kawiri nkugwa ku bafa?

Injiniya 09:20
sindinaiwale, ndinawanyamula ndine

Injiniya 09:21
komatu Namwino akugwira ntchito bho. mota ya printer yakufa, chivindikiro cha ndowa, foni yakale yotumiza mauthenga. dziko likanakhala lachilungamo bwenzi ndili pa TV

Sisi 09:22
bokosi mpaka kulipatsa dzina kkkk. mapiritsi asowa angati?

Injiniya 09:24
limodzi, la masana. ngati last time

Sisi 09:25
lero limodzi mawa asanu. wawafunsa chifukwa?

Injiniya 09:26
ndafunsa. akuti loko wako ndi wachibwana. basi nkuyatsa wailesi

Sisi 09:30
tamvera. likatsegulidwanso ndikubwera kudzawatenga. chipinda cha ana ndasesa kale

Injiniya 09:31
bambo ku nyumba yanu yosanja ija? mwendo wa sitiroko uja ndi masitepe onse aja? adzangouma pawindo

Sisi 09:31
bola kuuma pawindo kusiyana nkugwa ku bafa

Sisi 09:32
iii bambo ali mu group muno tu

Injiniya 09:33
samawerenga. foni yawo ndi tochi basi. ndipatseni mpata umodzi plz

LACHIWIRI

Injiniya 07:50
(chithunzi: loko wa manambala pa bokosi)

Injiniya 07:50
alibe bowo la kiyi ameneyu. aone pomwe alowetse kawaya kawo kaja

Sisi 07:58
tiona

NAMWINO 08:36
CHITSEKO CHATSEGULIDWA

Sisi 08:37
??

Sisi 08:37
injiniya

Sisi 08:52
ndikuona kuti wawerenga

Injiniya 09:10
ndinali ndi customer

Sisi 09:10
manambala unaika ati

Injiniya 09:13
chaka chomwe ndinabadwa

Injiniya 09:13
ndinaiwala kuti analipo tsikulo

Sisi 09:14
Mulungu wanga. ndi mwana wa mayi anga ameneyu?

Injiniya 09:16
(mawu, 0:24) Sisi, nyozani, ndavomera. Ine mafoni a anthu ndimakonza, ena amachira ndithu. Koma lero nditseka shopu masana. Ndikalitengera kwa wowotcherera. Sipakhalanso loko, sipakhala bowo, sipakhala chogwirira. Lizitsegukira mkati, ndikadina pa foni yanga basi. Likalephera ili, galimoto yodzawatengera ndikakupezerani ndine.

Sisi 09:18
mawu amenewa ndasunga

LACHISANU

NAMWINO 12:30
PIRITSI LAGWA

NAMWINO 12:30
PIRITSI LATENGEDWA

Injiniya 12:33
mwaona? tsiku lachitatu ili, chitseko chili zii. piritsi likugwa nkutengedwa pompo

Sisi 12:40
ok ndavomera. wakhoza mwana iwe

Injiniya 12:41
munenenso, network inadula

Sisi 12:41
usandizolowere

Injiniya 12:43
dzulo ndinagula malaya a kolala. munthu woti ndikaonekera pa nyuzi sindingamayende ngati wogulitsa ma charger

Sisi 12:44
ndiwe wogulitsa ma charger

Sisi 12:45
bambo ali bwj koma?

Injiniya 12:50
ali bho ndithu. sakuyankhula kwambiri. mwina manyazi a kugonja kkkk

LOLEMBA

Injiniya 10:05
sisi muli free?

Sisi 10:20
ndili pa ntchito, lemba

Injiniya 10:22
ndakumana ndi a nsapato aja, osoka pafupi ndi benchi yakale ya bambo pamsika. akundifunsa ngati bambo adwala

Sisi 10:23
chifukwa?

Injiniya 10:25
akuti bambo amabwera daily. amakhala pa benchi paja, anyamata odula makiyi nkumawafunsa nzeru. masana amatulutsa piritsi mu bokosi la machesi, nkupempha madzi kwa mayi ogulitsa tiyi. akuti chiyambire Lachitatu sanaoneke

Sisi 10:26
daily? ndi mwendo uja?

Injiniya 10:28
pang'onopang'ono ndi ndodo. kupita kumawatengera mmawa wonse. sangapite nkubwerera kuti masana awapeze kunyumba. ndiye la masana lija ankalitenga ulendo

Injiniya 10:29
ine ndinkadabwa kuti litagwa likutengedwa pompo. sisi amakhala pampando kutsogolo kwa bokosi kudikira

Sisi 10:41
bwanji sananene?

Injiniya 10:42
akanati ndimapita kumsika ndekha inu mukanati chani?

Sisi 10:42
ndikanakana

Injiniya 10:43
ndi zimenezo

Injiniya 11:30
(chithunzi: mbali ya bokosi, penti atakandikakandika)

Injiniya 11:31
ndafika kunyumba. taonani. tupa ali pansi pa tebulo, sipoko ya njinga yopindika, chala chawo amanga kansalu. akhala akulimbana nalo masiku onsewa

Injiniya 11:33
paja amati galu wamkota sakandira pachabe. ine ndimangoona zokanda nkumagula malaya

Sisi 11:34
ali kuti

Injiniya 11:34
kuchipinda. akuti agona. nsapato zoyendera aika pamwamba pa kabati

Bambo 14:02
(mawu, 1:12) Eee... ndadina apa? Chabwino. Ana inu, zonse zimene mumalemba muno ndimawerenga. Maso ndi okalamba koma sanafe. Za chipinda cha ana ndinaona, za kuuma pawindo ndinaonanso. Sindikukwiya. Tsiku lija ndinamwadi kawiri, ndinakuopsani, ndikudziwa. Koma ndikuuzeni. Chidwalire sitiroko, dzanja ili ndinkaliyesa lakufa. Tsiku limene mchimwene wakoyu anandiikira loko, ndinatenga kawaya, dzanja likunjenjemera, ndinamva loko akuti tha. Ndinalira ndekha muno. Ndinati kani ndilipo. Tsopano wapanga chopanda bowo. Ndayesa, chandikanika. Iwe injiniya wapambana mwana wanga, nzeru uli nazo. Ndiye iwe mayi, bwera Loweruka udzanditenge. Kudikira bokosi ndingathe kudikirira kulikonse.

Sisi 14:09
bambo

Sisi 14:10
bambo sindimatanthauza choncho

Sisi 14:15
(foni yosayankhidwa)

Sisi 14:31
(foni yosayankhidwa)

Injiniya 15:02
sakuyankha kugogoda. ndawasiyira tiyi pakhomo

Injiniya 15:04
moyo wanga wonse chinthu chimodzi chokha ndapanga chogwira bwino ntchito. ndi chimenechi

LACHITATU

NAMWINO 12:30
PIRITSI LAGWA

NAMWINO 12:30
PIRITSI LATENGEDWA

Sisi 12:48
kale ndikaona uthenga umenewu mtima umakhala pansi. lero ukundiwawa

Sisi 12:49
akudya?

Injiniya 13:15
pang'ono. ayamba kulongedza. zida zawo za makiyi andipatsa ine, akuti ukagulitse kwa a zitsulo

Sisi 13:16
usayerekeze

Injiniya 13:16
ndine chitsiru koma osati chotere

Sisi 13:20
ndiye titani? ndikawasiya ndi bokosi lotseguka ndizigona ndi mantha. ndikawatenga ndawapha ndekha

Injiniya 13:21
mubwerebe Loweruka

Sisi 13:21
uli ndi plan?

Sisi 13:40
iwe

Sisi 16:05
ma plan akowa ndi amene atifikitsa pano tu

LACHISANU

Injiniya 16:10
sisi, report ya injiniya. ndikulemba muno dala

Injiniya 16:12
Namwino ndamuchita opaleshoni. mankhwala onse akadali otsekeredwa mkati, amenewo palibe angawakhudze. koma pambali ndaboola kachitseko. mmawa uliwonse la masana limagwera mmenemo, limodzi lokha, la tsiku limenelo

Sisi 16:14
limodzi lokha? sure?

Injiniya 16:15
ndayesa ndi nyemba tsiku lonse. mkazi wanga akuti ndiwo za mawa ndikazitole ndekha pansi pa bedi

Injiniya 16:17
pa kachitsekopo ndaika loko. ndamupeza pansi penipeni mu zida za bambo, wakuda, wolemera ngati njerwa. uja ankatiuza tili ana kuti anawagonetsa ndi njala masiku awiri asanamutsegule

Sisi 16:18
ndamukumbuka. wa pa sefa yosungira ndalama ya sitolo yomwe inapsa ija

Injiniya 16:19
yemweyo. kiyi wake ndaponya mu ngalande. ndiye musadandaule sisi, ameneyu palibe nkhalamba ingatsegule. anali a mphamvu zawo nthawi ija, pano dzanja lija latha. akalephera piritsi lizitulukira kutsogolo masana monga mwa masiku onse

Sisi 16:20
iwe ukudziwa kuti akuwerenga

Injiniya 16:20
samawerenga. foni yawo ndi tochi basi

Sisi 16:23
aha. zoona. ndiye zida zawo zija wazisiya pati? zisakhale pafupi tu

Injiniya 16:24
ndaziiwala pa tebulo pomwepo. mukundidziwa ine kuiwala

Sisi 17:45
anena chani?

Injiniya 17:52
anangoyang'ana loko uja nkubwerera kuchipinda

LOWERUKA

Sisi 07:05
ndakwera basi. ndatenga chikwama chachikulu cha zovala zawo

Injiniya 07:20
ok

Sisi 08:15
Namwino sananene kanthu?

Injiniya 08:16
zii

Injiniya 08:18
mwina ndawonjeza. ndikanaika wofewako. akalephera ameneyu ndiye ndawamaliza kawiri

Sisi 08:19
wofewa akanadziwa kuti ukuwamvera chisoni

Injiniya 08:40
customer wandipatsa foni kuti ndisinthe screen, ndasintha batire. ndamubwezera ndalama zake

Sisi 09:30
kanthu?

Injiniya 09:31
ayi

Sisi 10:02
tatsala pang'ono kufika

Injiniya 10:03
malaya a kolala aja ndipukutira mafuta

NAMWINO 10:17
KACHITSEKO KATSEGULIDWA

Injiniya 10:17
SISI

Sisi 10:18
ndaona. anthu mu basi akundiyang'ana, ndakuwa

Sisi 11:26
ndafika kunyumba. pakhomo pokhoma, ndodo palibe. ndasuzumira pawindo, loko ali pa sosa

Sisi 11:27
bambo muli kuti? ndaima panja ndi chikwama ngati wothamangitsidwa ku banja

Bambo 11:49
ndili pa benchi. piritsi lili mthumba. chikwamacho siya pakhonde ubwere udzamwe tiyi

Bambo 11:53
injiniya loko uja unayenera kuthira mafuta. mawa ubwere ndi wina weniweni