Gogodera ya Malemu Agogo

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko. Kuno ku Lirangwe tilipo, chimanga tinakolola.

Lachiwiri kunabwera a Majid a ku Chileka, amene amasonkhanitsa mfuti zakale, kudzaona gogodera ya malemu agogo kuti aigule. Anati inali ya asilikali, thabwa lake silinafumbwe, dzimbiri ndi lochepa. Koma atalowetsa kachitsulo mumpope anafunsa kuti, "Onga uwu ndi watsopano, waikamo ndani?"

Achimwene a Mark anangoitenga mfutiyo n'kulowa nayo kuchipinda, akuti sakugulitsanso. Chiyambire mkangano wa malire a munda ndi a Kingsley oyandikana nafe aja, sacheza ndi munthu.

Inu amakumverani. Mukapeza mpata bwerani, musadikire Khirisimasi.

Ndine mwana wanu,
Dailesi