Seva inkangofunsa nthawi

Lachitatu, pa boma. Lero mtima wandiwawa, ndipo vuto ndaliyambitsa ndekha.

M'mawa ndinapeza kuti seva ya ku ofesi, kompyuta yaikulu momwe timasungamo mayina a odwala athu, ikulumikizana ndi makompyuta anayi akunja omwe sindikuwadziwa. Ndinauza abwana ndisanafufuze. Nthawi yomweyo anaitana mayi Tembo, amene amalemba mayinawo, n'kuwafunsa kuti akuwatumiza kwa ndani. Mlandu wawo ndi woti amuna awo amachita geni ku Chipata, basi.

Ndinakhala pa seva mpaka masana, intaneti ikuduladula. Ndinkatseka mapulogalamu imodzi imodzi. Nditatseka yoyendetsa wotchi, kulumikizana konse kunasiya. Nditaiyatsanso, panabwera makompyuta ena achilendo. Apa ndinazindikira kuti seva imangofunsa nthawi yolondola kwa makompyuta osunga nthawi, ndipo amasinthasintha. Palibe dzina la wodwala lomwe latuluka.

Ndinathamangira kwa abwana.

"Kufunsa nthawi ku Ulaya?" anatero. "Wotchi ili pakhomayi sevayo sikuiona?"

"Bwana, tiyeni mukaone nokha."

"Ayi achimwene. A ku likulu alembe kalata yotsimikiza zimenezi."

Ndinaimba ku Lilongwe katatu, osayankha. Mayi Tembo auzidwa kuti ayambe akhala kunyumba.

Ndinawapeza pa siteji akudikira kabaza. Ndinati pepani mayi, zikonzeka mawa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu makina mumawadziwa. Nanga ine ndikawauza chiyani ana kunyumba?"

Mawa ndiimbanso ku Lilongwe ndisanamwe tiyi, koma akapanda kuyankha…