Mimba Yobisala Kumsana

Okondedwa asuweni a Geoffrey,

Sabata ino mwana wayamba kusewera m'mimba mwa akazi anu a Doreen. Kusikelo ku Milepa anamwino amvanso mtima wake ukugunda mofulumira, monga umayenera kutero. Tonse tili bwino, kaya inu ku Joniko?

Mabuku amati mayi amayamba kumva mwana cha m'mwezi wachisanu. Inu munachoka kuno mu Januwale, ndipo lero tili mu Okutobala. Nditafunsa, apongozi anu anandiseka: "Aphunzitsi, sukulu yakupusitsani. Mimbayi inangobisala kumsana, yatulukira tsopano." Zoterozo sindinazipezepo m'buku lililonse. Sindikunena kanthu, ndipo musafulumire kukalipa pafoni.

Lachisanu ndiwaperekeza a Doreen kuchipatala cha Nguludi kuti akaunikidwe, makina akatiuze miyezi yake.

Ndine msuweni wanu,
Phyllis